Malisiti a fizi akutuluka ndi K0.00 nditasamutsira database ku PostgreSQL, thandizeni

Lusungu, Lolemba 9:40 m'mawa
Akuluakulu, mwadzuka bwanji nonse. Zandivuta kuno, wodziwa andithandize msanga. Ndimasamalira system ya fizi pa sukulu ina yapulaiveti muno m'tauni. Anailemba ndi mnyamata wina zaka zapitazo, mu PHP, pa laputopu ya Windows yokhala ndi XAMPP. Iyeyo anachoka, ntchito inagwera ine. Loweruka ndinasamutsa database kuchoka ku MySQL kupita ku PostgreSQL pa seva ya Ubuntu, ndinagwiritsa ntchito pgloader, chida chosamutsira ma data kupita ku PostgreSQL. Zonse zinadutsa bwinobwino, ma row ndinawerenga mbali zonse ziwiri, anafanana ndendende. Lero sukulu yatsegulira, makolo ali pamzere ndi masilipi aku banki, a bursar akulowetsa ndalama, koma lisiti likutuluka lopanda dzina la mwana, ndalama K0.00. Error palibe. Mu log muli zii.

Bambo ena achokera ku Ekwendeni ndi silipi ya K185,000, apatsidwa pepala lolembedwa ziro. Akana kuchoka pa windo, ndipo ine sindikuwaimba mlandu.

Kondwani, 9:43
Achemwali, bwererani ku MySQL pompano, zinazo mudzaziona madzulo. Backup ya Loweruka muli nayo eti?

Lusungu, 9:45
Ilipo, koma kuyambira 7 koloko alowetsa kale malipiro oposa 60 mu Postgres (PostgreSQL yomweyo). Ndikabwerera ndiye kuti onsewo alembedwenso pamanja.

Bambo Gondwe, 9:47
Musabwerere kaye. Mayi Lusungu, tandiuzani: pa lisitilo, ndi ziti zomwe zikutuluka bwino? Zonse zili mbee kapena zina zikuoneka?

Lusungu, 9:49
Teremu ikuoneka, chaka chikuoneka, a Gondwe. Dzina, kalasi, ndalama ndi nambala ya lisiti ndi zomwe zasowa.

Bambo Gondwe, 9:50
Tsegulani database yakale ija, mundilembere maina a ma column a tebulo la malipiro monga momwe alili, osasintha chilembo ngakhale chimodzi.

Lusungu, 9:53
PaymentID, StudentID, StudentName, ClassName, AmountPaid, SlipNo, term, year

Ayi ndaona. Zomwe zikutuluka ndi ziwiri zomaliza zokhazo, za zilembo zazing'ono zokhazokha.

Bambo Gondwe, 9:58
Ndi pomwepo pagona nkhani. pgloader ikamasamutsa kuchokera ku MySQL, mukapanda kuiuza zina, imatsitsa maina onse kukhala a zilembo zazing'ono. AmountPaid tsopano ndi amountpaid. Funso lanu la SQL likugwirabe ntchito chifukwa PostgreSQL nayo ikaona dzina lopanda ma quote imalitsitsa isanalifunefune. Mukalemba SELECT AmountPaid, iyo imamva amountpaid, imaipeza, n'kukubwezerani. Koma imabweza ndi dzina lake lenileni, la zilembo zazing'ono. Kumbali ya PHP, ma key a array amasiyanitsa zilembo. $row['AmountPaid'] ndi $row['amountpaid'] ndi zinthu ziwiri zosadziwana. Code yanu ikugogoda pakhomo lomwe kulibe.

Ndalama zili m'database, musade nkhawa pamenepo. INSERT ikuyenda chifukwa cha kutsitsa komweko. Kuwerenga ndi komwe kwathyoka.

Chimwemwe, 10:01
Pepani akuluakulu, ine ndi wophunzira ku Mzuni, ndingofunsa. Nanga bwanji PHP sinadandaule? Ife tikalakwitsa key imatilembera Undefined array key.

Lusungu, 10:06
Ndapeza chifukwa chake, Chimwemwe. Ma class onse a mu folder ya models sanalembedwe pamanja. Mnyamata uja anasiya script yomwe imawerenga information_schema, pomwe database imasunga maina a matebulo ndi ma column ake, n'kulemba class ya tebulo lililonse yokha. Mzere uliwonse uli chonchi:

$this->AmountPaid = $row['AmountPaid'] ?? null;

Ma ?? awiriwo ndi omwe atseka pakamwa PHP. Key ikasowa imangoika null mwakachetechete. Kenako pa lisiti pali number_format((float) $p->AmountPaid, 2), ndiye null akusanduka 0.00.

Bambo Gondwe, 10:08
Eya. PHP 8 ikanakuchenjezani ndi Warning, PHP 7 inkapereka Notice ya Undefined index, koma ?? amameza zonsezo. Wolemba generator uja, ndikutanthauza script yolemba ma class ija, ankafuna kuti code isamafe pakakhala column yopanda kanthu, cholinga chinali chabwino, koma sanasiyanitse column yomwe ilipo koma ili NULL ndi column yomwe kulibiretu.

Vitumbiko, 10:10
Sisi, ikani PDO::ATTR_CASE => PDO::CASE_LOWER pa connection, basi zatha.

Lusungu, 10:12
Vitu, zimenezo zimatsitsa ma key ochokera ku database, koma atsika kale. Amene akufuna zilembo zazikulu ndi code, osati database. CASE_UPPER nayonso ingandipatse AMOUNTPAID, yomwenso si AmountPaid.

Vitumbiko, 10:13
Zoona, ndinathamanga. Pepani.

Bambo Gondwe, 10:15
Mayi Lusungu, musanakonze china chilichonse, pitani kwa a bursar muwafunse funso limodzi: kodi lero akanikizapo Edit pa malipiro ena alionse? Ndikufunsa chifukwa PaymentID nayo ikubwera null. Tsegulani save() mu class yomweyo muone imatani ID ikakhala yopanda kanthu.

Lusungu, 10:24
Mayo ine. Ili chonchi: if (empty($this->PaymentID)) insert, apo ayi update. Ndipo a bursar akuti lisiti likatuluka ndi ziro amatsegula Edit, amapeza fomu yopanda kanthu, amalembanso zonse n'kusunga, poganiza kuti poyamba sizinalowe. Akuti achita zimenezi kangapo asanandiimbire foni.

Bambo Gondwe, 10:26
Ndiye kuti Edit iliyonse yabala malipiro atsopano. Ana ena akuoneka ngati alipira kawiri. Auzeni asiye kukhudza Edit pompano, makolo apatsidwe malisiti a m'buku kwa kanthawi. Kenako thamangitsani ili:

SELECT slipno, count(*) FROM payments GROUP BY slipno HAVING count(*) > 1;

Musafufute kalikonse lero. Lembani manambalawo papepala, mudzakhale pansi ndi a bursar ndi masilipi enieniwo.

Lusungu, 10:35
Masilipi 14 abwerezedwa. Buku la malisiti latuluka mu kabati, mzere wayamba kuyenda. Bambo a ku Ekwendeni aja ndawaonetsa pa sikirini kuti K185,000 yawo ili m'kati, ndawalembera lisiti lapamanja ndi chidindo, anyamuka. Tsopano ndithandizeni njira yokonzera, mtima wakhala pansi pang'ono.

Kondwani, 10:41
Ine ndikadali pa mawu anga aja. System inkayenda bwino pa MySQL zaka zonsezi. MySQL ilibe nazo ntchito zilembo, ulembe AMOUNTPAID, ulembe amountpaid, imakupatsa. Chikutivutitsa n'chiyani kuthamangira Postgres pa kasukulu ka ana mazana angapo? Tikudzipalira tokha makala pamutu.

Tamanda, 10:49
A Kondwani, MySQL ilibe nazo ntchito pa maina a ma column, pamenepo mwanena zoona. Koma pa maina a matebulo nkhani ndi ina. Pa Windows tebulo la Payments ndi payments ndi limodzi, pa Linux ndi awiri, chifukwa zimatsatira momwe makinawo amaonera maina a mafayilo. Pali setting yotchedwa lower_case_table_names: pa Linux imakhala 0, pa Windows 1, pa macOS 2. Pa Windows imasunga maina onse a matebulo m'zilembo zazing'ono. Ndiye Lusungu akanati asamutse dump yomweyo, fayilo ya backup ija, kupita ku MySQL ya pa Ubuntu, matebulo akanafika ngati payments, code ikufuna Payments, akanalandira error 1146, Table doesn't exist. Zinandichitikira chaka chatha ndi system ya kashopu ka hardware ku Luwinga, usiku wonse ndinagona pa kiyibodi. Ndipo mu MySQL 8.0 setting imeneyi suyisintha database ikakhazikitsidwa kale, imayikidwa poyambirira pokha.

Kondwani, 10:52
Koma error 1146 imakuwa, umaimva nthawi yomweyo. Izi za ziro zinabwera mwakachetechete mpaka zafika m'manja mwa kholo.

Tamanda, 10:54
Pamenepo ndikugwirizana nanu, kukuwa kuli bwino kuposa kukhala chete. Koma amene anakhala chete si Postgres, ndi ?? null uja.

Lusungu, 10:58
Kusamukaku sikunali kufuna kwanga ndekha, a Kondwani. Sukulu yatenga pulogalamu ina yomwe imayenda pa PostgreSQL yokha, ndipo seva ndi imodzi, ya memory yochepa. Sindinafune kusamalira ma database awiri pa kamakina kamodzi. Kulakwa kwanga ndi kwakuti nditasamutsa ndinangoyesa kulowa ndi kulowetsa malipiro amodzi, sindinasindikize lisiti.

Vitumbiko, 11:05
Nanga bwanji osabwereza pgloader ndi quote identifiers? Maina akhala momwe analili, "AmountPaid" ndi zilembo zake, ma class sakhudzidwa.

Bambo Gondwe, 11:19
Zimatheka, koma taganizani zomwe zikubwera pambuyo pake. Column ikalengedwa ndi ma quote ngati "AmountPaid", ndiye kuti moyo wake wonse muziitchula ndi ma quote. SELECT AmountPaid yopanda ma quote idzatsitsidwa kukhala amountpaid, Postgres idzati column "amountpaid" does not exist, code 42703. Mafunso onse a SQL omwe mnyamata uja analemba pamanja m'malipoti alibe ma quote. Mwina ena ali ndi ma backtick a MySQL, omwe Postgres siwadziwa. Mukhala mwazimitsa moto kukhitchini n'kuuyatsa kuchipinda. Komanso malipiro a lero ali kale mu database yatsopanoyi.

Ndikuuzeni komwe ndinaphunzirira zimenezi. Ndinagwira ntchito zaka zambiri pa database ya Oracle ndisanabwerere kuno kumudzi. Oracle imachita mosemphana ndi Postgres: dzina lopanda ma quote imalikweza kukhala la zilembo zazikulu, ndipo ndi momwe muyezo wa SQL umanenera. Postgres ndi yomwe inapatuka, ndipo zolemba zake zimavomereza poyera kuti pamenepa siitsatira muyezowo. Tsiku lina mnzathu analenga tebulo kudzera mu pulogalamu yojambulira ma diagram, yomwe inkaika ma quote pa dzina lililonse. Tebulo likuoneka pamndandanda, ma column akuoneka, koma ukafunsa, ORA-00904 invalid identifier. Tinatha theka la tsiku tikuyang'ana dzina lomwe linali lolembedwa bwinobwino pamaso pathu. Kuyambira pamenepo, chida chilichonse cholemba SQL kapena code m'malo mwanga, ndimayamba ndachifunsa zinthu ziwiri: kodi chimaika ma quote, ndipo maina chimawatenga kuti.

Malangizo a m'zolemba za PostgreSQL ndi achidule: dzina lililonse, kaya muziliika mu ma quote nthawi zonse, kaya musaliikemo n'komwe. Kusakaniza ndiko kumapweteka. Ine ndimasankha kusaika, ndi maina a zilembo zazing'ono olekanitsidwa ndi kamzere kapansi: amount_paid, student_name. Dzina lotere, uliike mu ma quote kapena ayi, pa Postgres ndi limodzimodzi.

Vitumbiko, 11:27
A Gondwe, ndikumva, komabe ife a Node timakhala ndi ma quote tsiku lililonse ndipo sitifa. Prisma, chida cholumikizira code ndi database, ukalemba model Payment yokhala ndi amountPaid ndi createdAt, imalenga tebulo "Payment" ndi ma column "amountPaid", "createdAt", ndipo client yomwe imakulembera imadziwa kuika ma quote yokha. Sindinavutikepo.

Mayi Mhango, 11:40
Simunavutike chifukwa ndinu nokha amene mumalankhula ndi database yanuyo, mwana wanga. Dikirani tsiku lomwe a akaunti adzafune lipoti lomwe pulogalamu yanu ilibe. Ine ntchito yanga ndi ya ma data a zaumoyo, tsiku lonse ndimakhala mu pgAdmin, pulogalamu yoyendetsera PostgreSQL, kulemba mafunso pamanja. DHIS2, pulogalamu yomwe unduna wa zaumoyo umagwiritsa ntchito, imayenda pa PostgreSQL, ndipo matebulo ake ndi monga dataelement, organisationunit, zonse zilembo zazing'ono. Kuwerenga kwake n'kovutirapo chifukwa mawu ndi ophatikizana, koma sindinaikepo quote ngakhale imodzi. OpenMRS, pulogalamu ya kaundula wa odwala ya pa MySQL, ili ndi person_name, patient_identifier. Tsiku lomwe anandipatsa database yopangidwa ndi zida zanu zatsopanozi, funso la mizere khumi linali ndi ma quote oposa makumi anayi. Ukaiwala imodzi, error. Ukalikopera kudzera pa WhatsApp kapena Word, nthawi zina ma quote owongoka aja amasanduka opindika, error inanso, ndipo ndi maso sungaone kusiyana kwake.

Database imakhala zaka zambiri kuposa code. Ya Lusunguyi yaona kale olemba awiri.

Vitumbiko, 11:46
Mayi, pamenepo mwandigwira. Prisma ili ndi @map ndi @@map, umalemba amountPaid Decimal @map("amount_paid"), mu code umaona amountPaid, mu database muli amount_paid. Ndimaidziwa koma ndimachita ulesi chifukwa umayenera kulemba pa field iliyonse. Project yomwe ndikuyamba mwezi uno ndiyesa.

Tamanda, 11:58
Chomwe Vitu watchulachi ndiye mankhwala a Lusungu. Vuto la generator ya mnyamata uja ndi lakuti ili ndi dzina limodzi pa ntchito ziwiri: dzina la column ndi lomwenso ndi dzina la property. Lusungu akangoithamangitsanso pa Postgres lero, ilemba $this->amountpaid, ndiye ma template onse omwe amati $p->AmountPaid athyoka, poti ma property a PHP nawo amasiyanitsa zilembo. Maina a ma function ndi ma class sasiyanitsa, koma ma variable ndi ma property amasiyanitsa, n'chifukwa chake anthu amasokonezeka.

Generator iyenera kugwira maina awiri padera. Kumanzere la mu code, kumanja la mu database:

$this->AmountPaid = $row['amountpaid'];

Ife a Java tinazolowera zimenezi. Spring Boot ikamagwira ndi Hibernate imatembenuza amountPaid kukhala amount_paid yokha. Koma nafenso timagwa. jOOQ imalemba ma class kuchokera ku database, ndipo ikamatumiza SQL imaika ma quote pa maina pokhapokha uiletse. Ndinalembetsa ma class kuchokera ku database ya H2, yomwe imakweza zilembo ngati Oracle, n'kukathamangitsa pa Postgres. Inapita kukafuna "AMOUNT_PAID", Postgres inati kulibe. Phunziro langa linali lakuti code izilembedwa kuchokera ku database ya mtundu womwewo womwe idzagwire nawo ntchito, osati msuweni wake.

Lusungu, 12:10 masana
Ndiye ndikuganiza zotere, mundiuze ngati ndikuphonya. Lero, kuti malisiti ayambe kutuluka, ndisintha mzere umodzi mu template ya generator: key ikhale strtolower ya dzina lakale, property ikhale momwe inalili. Maina akale ndiwatenga mu dump ya Loweruka. Ndichotsanso ?? null, m'malo mwake ndiika array_key_exists, key ikasowa iponye exception yotchula tebulo ndi column. Kenako ndilembetsanso ma class onse 23.

Kondwani, 12:13
Bwanji osangotsegula Payment.php n'kusintha mizere isanu ndi umodziyo pamanja? Mphindi ziwiri basi, makolo akudikira.

Lusungu, 12:16
Ndinaganizako, koma si Payment yokha, Student ndi Invoice nazonso zili chimodzimodzi, kungoti sitinafike pozitsegula. Ndipo pamwamba pa fayilo iliyonse palembedwa kuti yalembedwa ndi script, osasintha. Tsiku lomwe wina adzawonjezere column n'kuthamangitsa generator, zokonza zapamanjazo zidzafufutika, ziro adzabweranso, mwina ine nditachoka.

Bambo Gondwe, 12:20
Mwaganiza bwino. Musanalembetse, onani ndi git diff kapena kufananiza mafayilo ngati mnyamata uja sanasinthepo ma class ena pamanja. Anthu amalemba kuti osasintha kenako iwo eni n'kusintha. Ndipo yesani kaye pa kope la database, osati pa yomwe a bursar akugwiritsa ntchito.

Lusungu, 1:05
Munalosera, a Gondwe. Mu Student.php anawonjezeramo function yowerengera ngongole ya mwana, pamanja. Ikanapita. Ndaisamutsira mu class ina yomwe ikutenga kuchokera ku yolembedwa ndi script. Malisiti ayamba kutuluka ndi maina ndi ndalama. Edit ndaitseka kaye mpaka tithane ndi 14 aja. Yewo chomene nonse.

Chimwemwe, 1:20
Akuluakulu, ndifunseko china pomwe nkhani ili yotentha. Project yanga ya chaka chomaliza ndi ya kaundula wa ziweto, ndipo ndimafuna maina a ma column akhale m'Chichewa. Ndili ndi column ya ng'ombe, ina ya m'mudzi. Ndi zololedwa?

Mayi Mhango, 1:31
Chichewa ndi chololedwa, ndipo ndasangalala kuti mwaganiza choncho. Koma kachizindikiro ka mu ng'ombe kachotseni. Mu SQL kameneko ndi kotsegulira ndi kutsekera mawu, ndiye dzina lokhala nako lidzafuna ma quote moyo wake wonse, ndipo generator iliyonse idzasowa chochita nalo, poti $this->ng'ombe si dzina lovomerezeka mu PHP, ngakhale mu Java. Lembani ngombe kapena chiwerengero_cha_ngombe, mudzi m'malo mwa m'mudzi. Pa sikirini pomwe mlimi akuwerenga, pamenepo lembani ng'ombe moyenera.

Bambo Gondwe, 1:38
Chimodzimodzi ŵ wa mu Malaŵi. Mu data muikeni, UTF-8 imamusunga bwinobwino. Koma mu dzina la column ayi. PostgreSQL ya UTF-8 ikamatsitsa maina imatsitsa A mpaka Z basi, Ŵ wamkulu amakhala momwemo. SQLite nayo kusasiyanitsa kwake kumathera pa zilembo za ASCII. Ndiye mudzakhala ndi dzina lomwe zilembo zina zimatsika, china sichitsika.

Chimwemwe, 1:41
Ndamva. Nanga SQL Server yomwe tinaphunzira teremu yatha? Kumeneko tinkalemba mulimonse zinkayenda.

Tamanda, 1:47
Kumeneko zimatengera collation ya database, kutanthauza malamulo ake ofananizira zilembo. Ambiri amasiya yomwe imabwera kale, monga SQL_Latin1_General_CP1_CI_AS. CI ameneyo akutanthauza kuti sisiyanitsa zilembo. Ukapeza database yomwe anaiika pa CS, maina a matebulo ndi ma column amayamba kusiyanitsa, ndipo code yomwe inkayenda kwina imagwa. Ndiye usazolowere kulemba mulimonse, lemba monga momwe column inalengedwera.

Ndikuwonjezere chimodzi choti uyese wekha pa Postgres: CREATE TABLE t (name text, "Name" text); Ilola. Ma column awiri osiyana m'tebulo limodzi. MySQL ingakane, ingati dzina labwerezedwa. Tsopano taganiza generator yomwe imatsitsa maina onse ikakumana ndi tebulo lotere, property imodzi idzaphimba inzake.

Kondwani, 2:15
Ine ndavomera kuti kubwerera sikukanathandiza lero. Koma pa za kusintha maina onse kukhala amount_paid, Lusungu, ndikuti musiye. amountpaid ikugwira ntchito. System ya ndalama za anthu siisewereredwa pofuna kukongoletsa maina.

Lusungu, 2:24
Pakati pa teremu sindikhudza, pamenepo tagwirizana. Koma pa holide ndikufuna ndichite. Panopa generator ikudalira mndandanda wa maina akale ochokera mu dump ya MySQL kuti idziwe kuti amountpaid ndi AmountPaid, chifukwa pa amountpaid palibe chosonyeza pomwe liwu lina lathera. Ikakhala amount_paid, script ikhoza kupanga AmountPaid yokha, mndandanda uja n'kutayidwa. Wobwera pambuyo panga sadzafunika kudziwa mbiri yonseyi.

Bambo Gondwe, 2:39
Nonse muli ndi mfundo. Mukadzachita, Postgres idzakuthandizani pa chinthu chimodzi chomwe MySQL singathe: ALTER TABLE imalowa mu transaction. Mumayamba ndi BEGIN, mumalemba ALTER TABLE payments RENAME COLUMN amountpaid TO amount_paid ndi ena onse, china chikalakwika ROLLBACK, zonse zibwerera. Ku MySQL lamulo lotere limadzitsekera lokha, kubwerera kulibe. Kusintha dzinaku n'kwachangu, sikulembanso ma row. Ma view ndi ma index amatsatira okha, koma ma function a PL/pgSQL ndi SQL yolembedwa pamanja mu PHP sizitsatira, zimenezo muzisake ndi grep, chida chofufuzira mawu m'mafayilo. A Kondwani akunena zoona kuti ngozi ili pamenepo. SELECT AmountPaid yomwe lero ikupulumuka chifukwa cha kutsitsa, tsiku limenelo idzafa, poti amountpaid kudzakhala kulibe. Ubwino wake idzafa mokuwa.

Kondwani, 2:43
Mukadzachita mundiitane, ndidzabwere ndi laputopu tidzayese lipoti lililonse limodzi. Ndikhala pafupi, ku Chibavi konkuno.

Lusungu, Lachinayi 4:50 madzulo
Ndabwera kudzapereka lipoti. Dzulo tinakhala ndi a bursar ndi fayilo ya masilipi kuyambira 2 koloko mpaka mdima. Pa 14 aja, 13 anali obwerezadi, tawachotsa titasunga kope lake m'tebulo lina. Mmodzi sanali wobwereza: kholo linalipirira ana awiri pa silipi imodzi, ndiye nambala inayenera kuoneka kawiri. Ndikanafufuta Lolemba lija ndi mtima wothamanga, mwana mmodzi akanabwezedwa kunyumba. Tinapezanso ena 2 omwe funso lija silinawagwire, chifukwa polembanso a bursar analemba nambala ya silipi ndi zilembo zazing'ono, ft m'malo mwa FT. Database yakale ikanawaona ngati ofanana chifukwa cha collation yake, Postgres ikuwaona ngati osiyana. Ndinabwereza ndi GROUP BY lower(slipno) ndi pomwe anatulukira.

Mayi Mhango, 5:02
Ndiye onaninso bokosi lofufuzira maina a ana. Ngati likugwiritsa ntchito LIKE, wolemba banda sapeza Banda. Pa Postgres pali ILIKE, yomwe sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono.

Lusungu, 5:09
Ndangoyesa, mayi, sakumupezadi. A bursar sanadandaule chifukwa amalemba maina ndi chilembo chachikulu poyamba. Ndikonza usiku uno, lili m'malo atatu. Malisiti onse a Lolemba tawasindikizanso, la bambo a ku Ekwendeni tapatsira mwana wawo mu envulopu.

A Kondwani, a Tamanda, Loweruka 10 koloko mungapezeke? Ndikufuna muione generator ija ndi maso anu ndisanaiike mu git, pali pena pomwe ikuchita zachilendo ndi ma column a deti. Ndili ku Katoto, ndikutumizirani malo ku inbox.

Tamanda, 5:14
Ndibwera. Mvula ikakhala ngati ya lero ndichedwako pang'ono. Chimwemwe, ngati ulibe kalasi tiye, ubwere ndi schema ya ziweto ija tidzaione.

Chimwemwe, 5:16
Ndibwera, akulu. Ng'ombe ndasintha kale. Ndatsala ndi tebulo lomwe ndinalitcha order, Postgres ikukana kulilenga popanda ma quote, ndidzafunsa komweko.